Malangizo kwa Ofuna Kukhala Akatswiri Osadziwika

Achimwene, ngati mtima ukulakalaka ukatswiri wa masewera koma simufuna anthu azikuimitsani mumsewu kuti ajambulitse nanu, ntchito yake ilipo. Lowani tenesi ya amuna awiriawiri pa ATP Challenger Tour. Iyi ndi mipikisano ya gulu lachiwiri, kunsi kwa ija amasewera a Alcaraz ndi a Sinner. Idayamba mu 1978, ndipo imachitikira m'mizinda monga Bengaluru, Cagliari ndi Lexington, kuyambira 2024 ngakhale ku Kigali. Mutha kusewera kumeneko mpaka imvi, zikho kudzaza kabati, mlonda wa pageti n'kumakufunsanibe kuti mukufuna ndani.

Choyamba pezani mnzanu. Umenewu ndi ukwati wopanda ankhoswe: mumafunsirana pa WhatsApp, kulembetsa mayina, ndipo mukagonja Lachitatu banja latha pomwepo, popanda wokukhazikani pansi. Za khalidwe musataye nazo nthawi. Funsani nambala yake pa mndandanda wa ATP, poti okonza mpikisano amawonkhetsa yanu ndi yake, ndipo malo alipo a matimu 16 okha. Akakhala wamanzere ndiye mwatola. Bob Bryan wamanzere ndi Mike Bryan wamanja adatenga zikho 119 ali limodzi. Komatu awo ndi mapasa, mnzawo adabadwa naye. Inu muzisaka nokha.

Chenjerani ndi mnyamata amene akuseweranso m'mpikisano wa mmodzimmodzi. Ameneyo wabwera kwa inu kudzangowongola miyendo ndi kuwonjezera masiku ogona ku hotela yomwe okonza mpikisano amalipira. Zikamuyendera kwakeko, ntchafu iyamba kumupweteka ndendende pa ola la masewera anu. Zikamukanika msanga, ayamba kufunsa za ndege yamawa m'mawa. Uku ndi uku, inu mutsala chiimire ndi raketi m'manja. Musalire. Tsiku lina wothawidwa adzakhala wa timu inayo, inu n'kulowa ndime yotsatira osatuluka ndi thukuta lomwe. Zikatero muziuza anthu kuti mudakonzekera bwino.

Malamulo ake adawakonza kuti musachedwetse anthu. Chiyambire 2006, ATP idafupikitsa masewera a awiriawiri. Mukafika pa 40-40 palibe zokokanakokana: olandira asankha mbali, mpira umodzi ugamula. Mukagawana maseti, yachitatu kulibe. Mungopikisana kufika mapointi 10, bola musiyane ndi awiri. Choncho konzekerani kuuluka usiku wonse, kugona pabenchi ya pabwalo la ndege, kuti mpira wina ugunde m'mphepete mwa ukonde, uime kaye pang'ono, kenako ugwere mbali yanu. Woumenyayo akweza dzanja kupepesa. Musamukhulupirire, mumtima akuvina.

Bwalo adakukulitsirani, mamita 10.97 m'lifupi pomwe a mmodzimmodzi amagwiritsa 8.23, koma mpira woopsa ndi wodutsa pakati pa inu awiri. Phunzirani kukuwa kuti "wako!" mwamsangamsanga. Woyamba kukuwa alibe mlandu.

Tsopano za mwambo, poti apa ndiye pamaonekera ukatswiri. Mnzanu akamaseva, inu mumawerama pafupi ndi ukonde, dzanja kumsana, n'kumupatsa chizindikiro. Chibakera ndiye kuti mukhala pomwepo. Chikhatho chotambasula ndiye kuti mudumphira mbali inayo kukauphera m'malere. Iye avomera ndi mawu, kenako aiwala, ndipo mpirawo ukupezani kunkhongo. Musatembenuke mokwiya. Pitani mukagundane naye manja, chifukwa pamasewerawa amagundana manja pa pointi iliyonse, ngakhale mnzako ataumenyera kumpanda. Mukatero nong'onezanani mutatseka pakamwa ndi mipira iwiri kuti chinsinsi chisatuluke. Oti angachibe ndi ana otola mipira, woyimbira uja ali pampando wautali, ndi agogo ena amene alawirira kudzagwira malo podikira masewera a mmodzimmodzi. Kaya mukungokambirana zoti mukadya kuti madzulo, nkhope ikhale ya munthu wopanga pulani.

Malipiro musawaope, sangakusokonezeni mutu. Mipikisanoyi ili m'magawo a 50, 75, 100, 125 ndi 175, ndipo nambalayo ndi mapointi amene wopambana amatenga, pomwe wa Grand Slam amakokola 2,000. Ndalama zomwe alemba ndi za timu, ndiye muzigawe pawiri. Boma la dzikolo litapepo msonkho, muchotse tikiti ya ndege, muchotse ya wokunga zingwe za raketi. Zotsalazo mugule tiyi. Chikho pemphani chaching'ono, chifukwa a ndege amalipiritsa katundu akaposa sikelo.

Kawirikawiri ndime yanu yomaliza amaiika Loweruka, kuti Lamlungu bwalo likhale la a mmodzimmodzi aja. Osada nkhawa kuti palibe wokuonani. Masewerawa amaonetsedwa ulere pa intaneti, ndipo alipo anthu awiri okhulupirika: mayi anu, ndi bambo wina wakutali amene wabetcha ndalama ya lendi pa dzina lanu. Mukagonja, mayi angoti pepa mwanawe. Bamboyo ndiye akulemberani pa Instagram mwatsatanetsatane, kutchula ndi makolo omwe.

Achibale akayamba kufunsa kuti mudzasiya liti zimenezi n'kupeza ntchito yeniyeni, atchulireni Rohan Bopanna wa ku India. Mu Januwale 2024 adapambana Australian Open ali ndi Matthew Ebden, n'kukhala nambala wani padziko lonse ali ndi zaka 43. Zoti palibe mwamuna wina adayambapo kukhala pampando umenewo ali wamkulu chotero musawauze. Ngati muli ndi zaka 31, mungowerengetsa nawo pazala kuti kwatsala zaka 12, ndipo pakadali pano akubwerekeni ya tikiti.