Tsiku Limene Ndinasuzumira M'nkhokwe Yanga

Pamene kalata inafika kuntchito yopempha munthu mmodzi woti akatiimirire ku msonkhano wokambirana za penshoni mu mzinda wa Blantyre, ine, amene ndakalambira pa mpando wa ukalaliki kufikira imvi zayera mbuu, ndinadzipereka msangamsanga. Ndipo ndiulule pamaso panu, owerenga olemekezeka, kuti chimene chinandikoka sindicho ludzu la nzeru, koma mbiri ya samusa ndi zakumwa zozizira zimene sizisowa pa misonkhano yotere, pakuti fodya wako ndiye ali pamphuno.

Anatiyankhula mnyamata wa tayi, msinkhu wa mwana wanga wachisamba, amene anafotokoza mwaulemu kuti chiyambire 2011 lamulo likakamiza wolemba ntchito kusonkha K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito naikapo K5, ndi kuti lamulo latsopano la 2023 lilola wopuma kutapa theka la ndalamazo nthawi imodzi, zotsalazo nazilandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Pakumva za thekalo ndinaomba m'manja koposa onse, popeza m'mtima ndinali nditagula kale malata, njinga yamoto ndi suti yakuda yoyenera mkulu wa mpingo.

Koma mnyamata uja, wopanda chisoni monga Natani pamaso pa Davide, anatigawira mapepala natiuza kuti yense alembe zimene wasunga, azigawe ndi miyezi imene ayembekeza kukhala ndi moyo atapuma. Ndinawerengera kawiri, ndinabwereka cholembera cha mnzanga poganiza kuti changa chili ndi kaduka, koma yankho silinasinthe: kuti ndidzadye nsima ya ndiwo zabwino masiku onse a ukalamba wanga, ndiyenera kudzatsikira kuli chete Khirisimasi yachiwiri isanafike.

Nkhalamba ina inaimirira nikumbutsa kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, kotero kuti anankafumbwe analowa m'nkhokwe zathu tili m'tulo. Mayi wina anadandaula za mabwana amene amadula ndalama pa malipiro koma osazitumiza kumene ziyenera kupita. Ndipo pamene wapampando anatilangiza kutsanzira Yosefe wa ku Igupto, amene anakundika dzinthu m'zaka za mwanaalirenji, ndinalakalaka kufunsa kumene zinapita ng'ombe zonenepa zija, pakuti kwanga kunangofika zoonda zokhazokha, ndipo zikudyana mpaka lero.

Komabe mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ine ndinatsimikiza mtima kutembenuka tsiku lomwelo. Atatipatsa samusa zitatu, ndinadya imodzi yokha, ziwirizo ndinazikulunga m'pepala la masamu lija ndi kuziika m'thumba la jekete, kuti zikhale chiyambi cha chuma cha ukalamba wanga. Minibasi itaima pa mdipiti wa magalimoto pa Ginnery Corner, fungo linandikumbutsa kuti lamulo lilola kutapa theka, ndipo ine, pokhala munthu womvera malamulo, ndinatapa. Yotsalayo ndinailandira pang'onopang'ono monga mwa dongosolo, kachidutswa pa siteji iliyonse, ndipo penshoni yonse inatha tisanalowe mu Limbe.

Kunyumba amayi anamvetsera ulaliki wanga wonse ali chete, kenaka anatulutsa kabuku kawo ka banki m'khonde, m'mene munali zochuluka kuposa zimene ndinkadziwa, natchulanso mbuzi zimene akuweta kumudzi kwa alongo awo. Ndinakondwa ndithu, ndinati Yehova wandipatsa Yosefe m'nyumba mwanga momwe. Iwo anangonyamula jekete ija, naliyang'anitsitsa banga la mafuta pathumba, nati: "Abambo, mbuzizo n'zanga. Inu penshoni yanu ndi iyi, ndipo yatisiyira ngongole ya sopo."