Kodi Kachilombo Kamalemba Kalata?

Ine ndimadziwa kuti chifuwa ndi chifuwa basi. Wina watsokomola, mnzake watengera, nkhani yatha. Koma akatswiri akuti ayi, kachilombo ka korona kali ndi makolo, ana ndi zidzukulu. Akuti mkati mwake muli uthenga wa zilembo pafupifupi 30,000, ndipo iwo amauwerenga wonse pa makina. Kanthu kosaoneka ndi maso kanaphunzira kuti kulemba? Inu anakuuzanipo?

Akuti kakamaswana m'thupi kamakopera zilembozo, nthawi zina n'kuphonya chimodzi, ndipo ana ake amatengera cholakwikacho. Ndiye akapeza cholakwika chofanana m'mamina a munthu wa ku Soweto ndi a wina wa ku Sandton, amati tizilombo tawo n'tapachibale, monga mphunzitsi amagwirira ana oonerana mayeso. Mpaka apa ndamva. Koma anthu awiriwo sadziwana. Anakumana mu tekisi? Pamaliro? Kapena pakati pawo pali anthu khumi amene sanayezetse? Makina amawerenga za okhawo amene anapereka mphuno zawo kuchipatala. Nanga mayi amene anangomwa mandimu ndi jinja n'kuchira, kachilombo kake kali m'buku la ndani?

Mu Novembala 2021 labotale ya Lancet ku Gauteng, ku South Africa, inaona zotsatira zachilendo poyeza korona. Ku Gaborone, katswiri Sikhulile Moyo ndi anzake anaonanso kachilombo kosiyana ndi tinzake. Atawerenga zilembo anapeza zosintha pafupifupi 50. Pa 25 Novembala South Africa inalengeza za kachilombo katsopanoka, ndipo mawa lake bungwe la WHO linakatcha Omicron. Ine ndinkadikira kumva zikomo. Koma Britain ndi America anangotseka zipata, Malawi n'kulowa nawo pamndandanda wa oletsedwa. Ife tinalakwa chiyani? Kukhala chigawo chimodzi ndi anthu odziwa kuwerenga?

Posakhalitsa a ku Netherlands anabwerera ku zoyeza zawo zakale, n'kupeza Omicron mu zimene zinatengedwa pa 19 ndi pa 23 Novembala, South Africa isanalankhule n'komwe. Apa ndiye mutu wanga unaima. Kachilombo kamayambira kumene kapezeka? Kapena kamapezeka kumene kuli munthu woyang'ana? Ndipo ngati woulula ndi amene amatsekeredwa, tsiku lina kakadzasinthanso mu mzinda wina adzaulula ndani? Inu amene munapita patali ndi sukulu, tithandizeni.