Malangizo kwa kochi watsopano wa basketball pa Naisi

Ndamva kuti komiti yakusankhani kukhala kochi wa ana a basketball kuno ku Naisi. Mwachita mphumi, achimwene. Musadandaule kuti masewerowa simunawasewerepo chibadwire. Chimene akuluakulu aona mwa inu ndi mawu aja amamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje mukamakalipira mbuzi. Tsikirani pa Songani mukagule wezulo, muikoloweke m'khosi, ndipo musamaivule ngakhale popita kuchigayo.

Tiyambe ndi bwalo. Bungwe la FIBA limati likhale la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, lolimba ndi losalala. Ife tili ndi dothi, mizu ya mango ndi mtsetse wochokera kuphiri. Musasalaze ayi. Mpira ukagunda muzu n'kuthawira m'chinangwa, ana amaphunzira liwiro. Ndiponso timu ya ku Chinamwali ikabwera idzayamba kugonja kwa bwalo isanagonje kwa inu. Chachikulu n'kuonetsetsa kuti mukasinthana mbali, ana anu ndiwo azithamangira kumtsetse.

Tsono mkombero. James Naismith atayambitsa masewerowa ku Springfield, m'dziko la America, mu 1891, anakhomera madengu a zipatso pa mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kwa akuluakulu muyeso ndi womwewo mpaka lero. Kwa ana aang'ono anthu ena ofewa mitima amatsitsa mkombero kufika pa mamita 2.60 n'kuwapatsa mpira wopepuka wa saizi 5. Ati mwana aziphunzira kuika chigongono kunsi kwa mpira, kupinda mawondo, ndi kuuperekeza ndi zala. Zimenezo n'zolera ulesi. Inu chotsani masipoko pa rimu ya njinga, muikhomere pabulugamu pamwamba zedi, kenako mupatse mwana wa sitandade 3 mpira wa saizi 7, uja wolemera kuposa theka la kilogalamu. Adzaukankha kuchokera pamimba ndi manja onse awiri, atatsinzina, lilime lili panja. Ubwino wake ndi woti kaponyedwe kameneko sikachoka. Adzafika nako ku sekondale, ndipo aliyense womuona adzadziwa kuti anadutsa m'manja mwanu.

Posankha osewera musavutike ndi kuwayesa. Imani pamsika tsiku lodzadza anthu, muone mitu imene yapitirira inzake. Wamfupi aliyense muuzeni akasewere chikulunga. Wina akadzakuuzani za Muggsy Bogues, amene anali wa mamita 1.60 okha koma anasewera zaka 14 mu NBA, nenani kuti netiweki ikuvuta. Nkhani ya Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wa mamita 2.21, amene anasankhidwa kachiwiri pa onse olowa mu NBA mu 2009 koma osafika pomwe anthu ankayembekezera, imeneyonso ibiseni. Ingachititse ana kuganiza kuti msinkhu pawokha sugoletsa. Wamtali wanuyo muimikeni kunsi kwa mkombero ngati nsanamira ya khonde, aziyembekezera mpira. Musamuphunzitse kudunditsa kapena kupatsira. Anzake akadzamupeza msinkhu ali ndi zaka 16 adzazindikira kuti palibe chimene amatha, koma nthawi imeneyo chikho chidzakhala chili kale pakabati panu.

Apa ndiye pagona nkhani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuphunzitsa mwana kumatenga zaka, pamene chikho cha ana osaposa zaka 14 chili Loweruka likudzali. Ndiye pitani pasiteji ya kabaza. Pali anyamata a miyendo yokhwima amene amakweza thumba la mpunga kuchokera ku Domasi osapumira. Sankhani awiri, muwamete ndevu Lachisanu madzulo, ndipo muwachenjeze kuti ana awo akabwera kudzaonerera asamawaitane kuti ababa. Oyimbira akakayika, mukumbutseni kuti Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria ndi Joel Embiid wa ku Cameroon anayamba basketball ali ndi zaka pafupifupi 15, choncho kuyamba mochedwa si mlandu. Mfundo imeneyi sikugwirizana ndi zimene wafunsazo, koma muinene mokweza. Ana enieni a zaka 13 aja akhale pabenchi, aziombera m'manja. Nawonso ndi maphunziro.

Mpira timu ili nawo umodzi, ndipo malo ake ndi kunsi kwa bedi lanu. Ana akauzolowera amautha. Pa tsiku la pulakatisi ayambe azungulira bwalo mpaka malilime atuluke, kenako akhale pansi muwafotokozere mbiri ya moyo wanu. Dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri la Zomba, aimikeni pamzere umodzi, aliyense aponye kamodzi, basi, kwawo. Mudzamva kuti makochi ena amagawa ana atatuatatu kuti aliyense azigwira mpira pafupipafupi, ndipo kuti masewero a atatuatatu amenewa amangofuna mkombero umodzi ndi theka la bwalo, mwakuti analowa m'masewero a Olimpiki ku Tokyo mu 2021. Chenjerani nazo. Ana osewera chotero amayamba kuganiza okha, ndipo akayamba kuganiza okha wezulo yanu ija idzalira liti?

Za dzanja lamanzere ndiye musayerekeze. Akatswiri amati wosewera azidunditsa ndi kuponya ndi manja onse awiri kuti mdani asamutsekere mbali imodzi. Koma kuno mwana wopatsira mnzake chinthu ndi dzanja lamanzere ndi wosaleredwa bwino. Ulemu uyambe, zigoli pambuyo.

Atsikana ndi oopsa. Dziko lino ndi la ma Queens, kwawo kwa Mwawi Kumwenda amene anakasewera mpaka ku Australia, ndipo mkombero wa ntchemberembaye ulinso pa mamita 3.05, wopanda ngakhale thabwa kumbuyo. Ndiye kuti atsikana a pasukulu yanuyo akhala akugoletsa popanda chothandizira kuyambira kalekale, amadziwa kupatsirana, amadziwanso kuponda phazi limodzi n'kutembenuka. Chimene chawatsalira ndi kudunditsa kokha. Mukawalola kulowa m'bwalo adzachititsa manyazi anyamata anu a kabaza aja. Atumeni kumjigo akatunge madzi a osewera.

Tsiku la masewero muzikuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, makamaka m'Chingerezi. Ana sakumva, inunso simukumva, koma makolo aona kuti ntchito ikugwirika. Mwana akaphonya mutulutseni pompo, kuti ena onse aziopa kuponya. Lamulo limati timu iponye pasanathe masekondi 24, ndipo poti wotchi palibe, muziwerenga ndinu ndi pakamwa: mwachifatse mpira ukakhala kwa ana anu, mothamanga ukapita kwa alendo. Mukagonja, oyimbira anadya. Mukagonjanso, alendo anakwirira kanthu pansi pa bulugamu.

Alendo a bungwe akadzabwera ndi mayunifolomu ndi mipira yatsopano, itanani ana onse a m'mudzi, ndi amfupi aja omwe, avale, ajambulidwe akumwetulira. Galimoto ikangokhotera kumsewu wa ku Liwonde, zonse zibwerere m'thumba. Zinthu zabwino sizisewereredwa pafumbi. Za sukulu musafunse; mayeso a sitandade 8 ndi nkhani ya aphunzitsi, ndipo mwana wolephera amakhala ndi nthawi yambiri yozungulira bwalo.

Mwina zidzachitika kuti kamwana kena kakafupi kamene munakathamangitsa kadzapeza kochi wina m'tauni ya Zomba, woleza mtima, wopanda mawu. Kadzaphunzira manja onse awiri, kadzakhoza mayeso, ndipo tsiku lina mudzamva dzina lake pa wailesi kakusewera ku Lilongwe, mwina mu timu ya Bravehearts, mwina m'holo ya Griffin Saenda ija inachititsa masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022. Musachedwe. Fufuzani chithunzi chija cha tsiku la mayunifolomu, muzungulize mutu wake ndi cholembera chofiira, muchiike pa Facebook, mulembe kuti munamutola ndinu ali wosavala nsapato. Kenako mumuimbire foni akutumizireni ya mayunitsi.