Chingerezi ndi Misampha Yake

Dona wina wachizungu ku Namiwawa anafika pakhomo masana njala itamupotokola. Anafunsa khukhi wake kuti, "Haven't you cooked?" Khukhi, manja kumbuyo, anayankha mwaulemu wonse: "Yes, madam." Dona anasamba m'manja n'kukhala patebulo. Anadikira. Kukhitchini kuli zii. Atasuzumirako anapeza mbaula ili yozizira, nkhuku ikadali gwa mufiriji.

Khukhiyo sananame ayi. Kwathu kuno munthu akakufunsa kuti "Simunaphike?" iwe n'kuti "Eya," ndiye kuti wavomereza zomwe wanenazo. Mngerezi savomereza wofunsa, amayang'ana ntchitoyo: ngati sinachitike, yankho ndi "no", funso libwere chagada kapena chafufumimba. Tsiku limenelo dona anadya buledi ndi tiyi.

* * *

Mesenjala wa ofesi ina ku Lilongwe anauza bwana wake watsopano, wongofika kumene kuchokera ku Leeds, kuti, "I am coming, sir." Ananena izi akutuluka pakhomo. Bwana anasendeza mpando, kuyembekezera munthu amene akubwera. Mesenjala anabweradi, koma Lolemba.

* * *

Mwana wa Sitandade 5 analemba kuti "Yesterday I goed to the market." Aphunzitsi anazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, n'kumupatsa chikwakwa kuti akatchetche kuseri kwa zimbudzi. Komatu mwanayo anatsata lamulo lomwe aphunzitsi omwewo anamuphunzitsa dzulo lake, lakuti zakale zimathera ndi "-ed". Wophwanya lamulo ndi Chingerezicho. Mawu akuti "went" sanali a "go" poyamba. Anali a mneni wina, "wend", ndipo "go" anangowabwereka zaka mazanamazana zapitazo osabwezanso. Ana a ku London a zaka 3 nawonso amati "goed", makolo awo n'kumaseka mokondwa. Wathuyu anatchetcha mpaka belu loweruka.

Sikuti aphunzitsiwo ndi ankhanza. Akudziwa kuti satifiketi ya MSCE sutenga ukalephera Chingerezi, ngakhale masamu utawakhoza chotani, ndiponso kuti malamulo a dziko lino amafuna phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchilankhula ndi kuchiwerenga. Chikwakwa chija chinali chikondi.

* * *

Mtsikana wina analemba kalata yofunsira ntchito yolera ana. Anaikamo lonjezo lake lalikulu: "I will look for your children every day." Mayi wa anawo anawerenga kawiri, n'kufunsa amuna awo kuti, "Bambo a nyumba, uyu akufuna azititayira ana tsiku ndi tsiku?"

Apa mpamene Chingerezi chimachitira nkhanza zenizeni. Mneni ndi mmodzi yemweyo, "look", koma timawu tomwe timamutsatira ndi tomwe timalamula. "Look after" n'kusamalira, "look for" n'kufunafuna chotayika, "look up to" n'kulemekeza, "look down on" n'kunyoza, "look out" n'kuchenjeza munthu amene njinga yakabaza yatsala pang'ono kumuwomba. Palibe nzeru imene ingakuthandize kulota tanthauzo, umangoloweza basi. Ngakhale Samuel Johnson, polemba dikishonale yake yotchuka ija ya 1755, anavomereza kuti timawu timeneti ndi tomwe timasautsa kwambiri alendo. Mtsikana uja ntchito anaipeza ndithu, ndipo mwana sanasowepo.

* * *

Ku Cape Maclear mnyamata woperekeza alendo analoza panyanja nati, "That is my wooden old small boat." Mzungu anamukonza: "Small old wooden boat." Mnyamata, amene kusukulu anazolowera kuti chilichonse chili ndi lamulo lake, anafunsa chifukwa. Mzungu anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba, anayang'ana mkazi wake, kenako anati zimangomveka bwino choncho.

Lamulotu lilipo. Mawu ofotokoza chinthu amafola pamzere: choyamba maganizo ako pa chinthucho, kenako kukula kwake, zaka zake, kaumbidwe, mtundu, komwe chinachokera, chomwe anapangira, n'kumalizira ntchito yake. Mark Forsyth analemba za mzere umenewu m'buku lake la 2013, ndipo ndimeyo itafala pa intaneti mu 2016, eni chilankhulo ambiri anadzidzimuka kumva kuti akhala akumvera lamulo lomwe sanalimvepo. Ife timadziwa malamulo n'kumalakwa, iwo sadziwa kanthu n'kumakhoza. Mnyamata uja anakweza mtengo wa bwato.

* * *

M'khoti, mboni inakana womasulira, ikuti Chingerezi inaphunzira. "My uncle, she took the goat and gave it to her wife, then he cooked it." Woweruza anavula magalasi n'kufunsa kuti pamlanduwu pali amuna angati ndi akazi angati. Chichewa chili ndi "iye" mmodzi yekha wokwanira aliyense. Womasulira anaitanidwanso.

* * *

Amene amati zizindikiro za m'kalembedwe n'zongokometsera akafunse kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy ku Maine, m'dziko la America. Lamulo la kumeneko linandandalika ntchito zomwe munthu salipidwa ndalama za ovataimu, ndipo mndandandawo unathera ndi mawu akuti "packing for shipment or distribution". Panalibe chizindikiro cha koma (,) patsogolo pa "or". Madalaivala a kampaniyo anati iwo amagawa mkaka, salongedza, choncho lamulolo silikuwakhudza. Kampani inati kugawa ndi ntchito payokha pamndandandapo. Mu 2017 khoti la apilo linati chiganizocho chikumveka pawiri, n'kukomera madalaivala, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Kachizindikiro kochepa ngati mwendo wa udzudzu.

* * *

Mnyamata wina wobwera kuchokera ku Johannesburg, kapusi chakumbuyo, anapita kwa malume ake, mphunzitsi wopuma pantchito. "Uncle, borrow me K20,000." Malume anamuuza kuti wopereka amati "lend", wolandira ndiye amati "borrow", koma ndalamazo anamupatsa. Mwezi utatha anapita kukalonjerera ngongole. Mnyamata anatambasula manja ngati oimba a ku America: "I don't have nothing."

Malume anamwetulira. Anamufotokozera kuti Robert Lowth, amene analemba buku la galamala mu 1762 n'kudzakhala bishopu wa London pambuyo pake, anatchukitsa lamulo lakuti kukana kuwiri m'chiganizo chimodzi kumafafanizana, n'kusanduka kuvomera. Zoti Chaucer ndi Shakespeare ankakana kawiri popanda wowadzudzula, malume ankazidziwa bwino, koma tsiku limenelo sanazitchule.

"Ndiye mphwanga, malinga ndi bishopu, ndalama uli nazo. Tulutsa."

"Malume, tiyeni tilankhule Chichewa. Ndilibe."