Makina okwirira pansi

Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira, anthu odikira galimoto sasowa chokambirana. Tsiku limenelo mkangano unali pakati pa mnyamata wa kabaza ndi bambo wina wachikulire amene aliyense ankangowatchula kuti aphunzitsi.

"Aphunzitsi, musatipusitse," anatero mnyamatayo. "Munthu angachoke ku America, n'kukumba dzenje, kukwiriramo makina, pamwamba n'kuikapo sola, ati akungomvetsera? Amafuna golide amenewo."

Aphunzitsi anaseka. Anati makinawo anakwiriridwadi, kuyambira 2012 mpaka 2014, m'malo okwana 50 kuno ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Botswana, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI. Pa kafukufuku wina, makina ena anawamiza pansi pa nyanja ya Malawi mu 2015. Koma ntchito yake inali yojambula zivomezi, ngakhale za kutali ngati ku Indonesia zimene ife sitizimva n'komwe.

"Ndiye chivomezi cha eni ake chitithandiza chiyani ife?" anafunsa mayi wogulitsa manachesi.

"Mayi, mukamagula mtsuko simuyamba mwaugogoda kuti mumve ngati uli ndi mng'alu? Chivomezi ndiye chimagogoda dziko, makina aja n'kumamvetsera."

Apa mpomwe anakhazikika. Anati kunjenjemera kwa chivomezi kumayenda m'thanthwe ngati mafunde. M'chigamba chapamwamba cha dziko kumathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, koma kukalowa m'thanthwe lolemera la pansi pake liwiro limafika pa 8. Malire amenewo anawatulukira Andrija Mohorovičić wa ku Croatia mu 1909, ndipo kuno kwathu ali pa makilomita pafupifupi 40 kupita pansi. Thanthwe likakhala lotentha mafunde amachedwa, likakhala lozizira amafulumira. Choncho akatswiri amangoyerekeza nthawi imene mafunde afikira pa makina osiyanasiyana, n'kudziwa za pansi osakumba.

Kenako analoza Shire, n'kulozanso chakumapiri a Kirk. "Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani ku Lisungwi kumatentha chonchi pomwe kwa Dambe amalima kachewere atavala majuzi? Chigwachi chinachita kutitimira. Dziko likung'ambika kuchokera ku Ethiopia, ndipo mng'aluwo wadutsa m'nyanja yathu n'kutsika ndi Shire yemweyu."

Mayi uja anasiya kupanga milu. "Ndiye tigwera m'dzenje?"

"Ayi mayi, kumatanuka mamilimita ochepa chabe pachaka. Choopsa n'chivomezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zimene zinagwetsa nyumba zambirimbiri."

Ine ndinaona kuti wa kabaza uja sanafunse mopusa. M'dziko limene anthu amangoona alendo akutenga miyala n'kusowa, kukayika si umbuli. Ndipo zimene makinawo anapeza zinalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri. A nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba amazidziwa, koma pa Zalewa zimafika pokhapokha mphunzitsi wopuma akasowa galimoto.

Mnyamatayo anakwera njinga yake, koma asanapalase anatembenuka.

"Nanga sitima ya malasha ya ku Moatize ikamadutsa, makinawo amati n'chivomezi?"

"Amaimva, koma amadziwa kusiyanitsa."

"Chabwino. Koma golide akapezeka, mudzandiuze ineyo poyamba."