Mphatso za pamanja ku Yofu

Pa chilumba cha Likoma, chinthu cha m'sitolo chimayamba chakwera sitima. Shuga, sopo, mabaluni, ngakhale kachidole kaja kamalira mukakafinya pamimba, zonse zimadikira Ilala, nkhalamba imene inayamba kuyenda panyanja pano mu 1951 ndipo siifuna munthu woifulumizitsa. Ikapita kokonzedwa ku Monkey Bay, kapena nyanja ikangodzuka ndi mkwiyo, Khirisimasi imafika yokha, katundu akadali ku Nkhata Bay. N'chifukwa chake anthu a ku Yofu mphatso amapanga okha, ndipo manja ali nawo. Koma mphatso ya pamanja siigwa kumwamba. Mukaiona yafika pakhomo, yambani kuwerenga katundu wa m'nyumba. China chake chasowa.

* * *

Mnyamata wina wa Sitandade 5 anaganiza zopangira mng'ono wake galimoto ya waya. Pa chilumba pano magalimoto ndi owerengeka, ndiye anatengera ambulansi ya chipatala cha St Peter's, imene mwana aliyense amaidziwa ikamabwera. Waya anapinda ndi mwala ndi mano, mokumanira monse anamanga ndi mphira wa chubu cha njinga, nyali anaika zotsekera za Fanta, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Mawilo ndiwo anagometsa anthu: anayi, ofewa, obulungira bwinobwino, osachita phokoso pamiyala.

Bambo ake anayenda nayo mudzi wonse.

"Mwana uyu ndi injiniya. Nzeru zimenezi ndi za kwathu, kuchimuna."

Mayi ake anabwera kuchokera kunyanja, beseni la zochapa lili pamutu, n'kupeza mitengo iwiri yangoima, waya woyanikapo palibe. Sanalankhule. Zovala anayanika pathanthwe. Amene analankhula ndi agogo aamuna, m'mawa wa pa 25 Disembala, atavala kale jekete, akufufuza patapata zawo pansi pa bedi. Anazitulutsa, kuzikwezera kudzuwa: iliyonse mabowo awiri, kuwala kukudutsa.

Anaitana mdzukulu uja. Anayang'ana galimoto, anayang'ana patapata.

"Mdzukulu wanga, ntchito wagwira. Koma ukanapanga njinga yamoto, bwenzi phazi limodzi litapita kutchalitchi."

* * *

Chikondwerero ku Likoma ndi ku Chizumulu sichikoma popanda malipenga. Gule ameneyu anachokera pa perete wa asilikali a m'nthawi ya atsamunda. Anthu anaona mmene asilikali ankagubira, n'kunena kuti nafenso tingathe, koma ife tivina. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo lili ndi kingi wake ndi maudindo ena. Zovala zoyera mbee, kabudula wosita mpaka kuthwa, sokosi zofika m'mawondo. Lipenga lenilenilo si la mkuwa ayi. Ndi chikho chachitali chimene amachiboola n'kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude amakutira mazira ake, ngakhale masiku ano ambiri amangomata kapulasitiki kopyapyala. Munthu akaimbiramo, mawu amatuluka akunjenjemera, n'kumveka kutali.

Bambo wina lipenga lake linasweka sabata yomwe ya gule. Anazungulira nyumba, maso anagwera kukhitchini. Panali chikho cha thobwa cha akazi awo, chachitali khosi, chimene chinang'alukapo pang'ono mayiwo n'kusoka ndi ulusi wofiira.

Madzulo mayi anafunsa. "Bambo a mwana, chikho changa mwachionako?"

"Makoswe, mayi. Makoswe a chaka chino akunyamula chilichonse."

Tsiku la gule ng'oma zinalira, fumbi koboo, bambo athu ali kutsogolo kwa mzere, lipenga pakamwa, mwendo akuuponya mwaulemu. Mayi analowa m'bwalo ndi nthungululu, kansalu kali m'manja kuti akapukute thukuta amuna awo. Anapukuta pachipumi, maso ali pa ulusi wofiira, n'kunong'oneza:

"Khoswe uja lero akuimba bwino."

Bambowo anaphonya sitepe, wa pambuyo pawo anawaponda chidendene, ndipo ulemu tsiku limenelo unapita ku boma lina.

* * *

Za mpira wachikulunga sindichulutsa. Majumbo akale, nsanza pakati, chingwe chokulunga mwamphamvu mpaka udunde. Funso ndi loti chingwe chachokera kuti. Ana ena anapeza chingwe chabwino kwambiri, cholimba, chosaduka, pa chilimira chimene chinayanikidwa pamchenga. Usiku asodzi anapita ndi nyali, anazungulira usipa, anakoka. Ukonde unabwera wopepuka. Mmodzi anatulutsa mutu pa chibowocho n'kuyang'ana kutsidya ku Mozambique.

"Usipa wathu ukadyera Nyuwere ku Cobue."

* * *

Zopanga pamanja ku Likoma sizinayambe dzulo. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela, chimene ntchito yake inayamba mu 1903 pansi pa amishoni a UMCA, chinamangidwa ndi manja a anthu, mwala pa mwala, njerwa pa njerwa. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalira mu 1873. Ndiye mukuona, ngakhale pamenepo kwina kwake kunasowa nthambi.

Ana obadwira m'mpingo wotere sewero la kubadwa kwa Yesu salitenga mwachibwana. Chaka china ana a Sande sukulu anakonzeka mokwanira. Angelo mapiko a makatoni a sopo. Anzeru a kum'mawa zitenje za amayi awo. Herode, mnyamata wa mawu aakulu, anavala chisoti cha katoni chomatidwa tinsalu tonyezimira, ndi ndevu za thonje lochokera mu pilo wa aphunzitsi, zimene anazimata pachibwano ndi phala la ufa wa chinangwa. Amene anamatapo kaiti akudziwa kuti phala limenelo limagwira kuposa guluu wa m'sitolo. Vuto lake ndi limodzi: limanunkhira chakudya.

Abusa a nkhosa analibe nkhosa, ndiye anabwereka mbuzi.

Herode anakhala pampando wake wachifumu, mpando wa ndalema wokutidwa ndi bulangeti. Anakweza dzanja kuti alamule asilikali akaphe ana a ku Betelehemu. Mbuzi inamva fungo, inadula chingwe, inakwera pamiyendo ya mfumu n'kuyamba ndi ndevu za kumanzere. Herode anaikankha, inabwereranso. Asilikali anaima njo, malupanga a mapesi ali m'manja, kudikira lamulo monga anaphunzitsidwira.

"Asilikali!" anakuwa Herode. "Anawo asiyeni! Yambani ndi mbuziyi!"

Mayi wina wachikulire wa kumbuyo anaimika dzanja n'kunena kuti ameni, Herode walapa.

* * *

Kummwera kwa chilumba, kufupi ndi hotela ya Kaya Mawa, kuli malo a ntchito zamanja otchedwa Katundu, amene anayamba mu 2006. Kumeneko anthu a pachilumba pompano, ambiri mwa iwo azimayi, amatenga mabotolo otayidwa, kuwaswa, kusalaza tizidutswato mpaka tisiye kucheka, n'kutilumikiza kukhala nyali zolendewera zimene zimakakongoletsa mahotela ndi nyumba za kutali. Ndi ntchito ya luso ndiponso ya kuleza mtima, ndipo ine ndimaivulira chipewa.

Bambo wina wa ku Yofu anaona nyali zimenezi n'kunena kuti palibe chachilendo. Botolo ndi botolo. Akazi awo anali ndi kaokala kogulitsa zakumwa, ndipo kuseri kwa chitseko kunali kireti ya mabotolo opanda kanthu, odikira sitima kuti akasinthe. Mayi atapita kumsika ku Mbamba, bambo anatenga hamala. Zidutswa anamangirira ndi chingwe cha mbedza pa limu ya njinga, pakati n'kupachika koloboyi. Zosalaza zija anaona ngati n'kutaya nthawi.

Usiku wa Khirisimasi anaiyatsa. Kunena zoona inawala, zobiriwira ndi zofiirira kuvina pakhoma. Mayi anayang'ana nyali, anayang'ana kuseri kwa chitseko, n'kupuma mozama.

"Yakongola. Kireti ija mukwera nayo nokha Ilala, mukafotokoze ku Nkhata Bay."

Nkhani isanathe, alamu awo, munthu wamtali, analowa osawerama. Analowa ndi tsitsi, anatuluka ndi mpala. Mpaka lero akamabwera kudzacheza amayamba afunsa ali panja: "Alamu, salooni ija yatsegula?"

* * *

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, ana a ku Mzuzu ndi ku Joni amatumiza zitenje ndi ndalama za pafoni. Mwana wotsala pakhomo ndiye amavutika mtima, chifukwa mayi amamuona tsiku ndi tsiku ndipo m'thumba mwake amamudziwa.

Mnyamata wina anaganiza mwanzeru. Kondowole si nsima yoti n'kuvundula ndi kamthiko kofooka. Imamata, imakoka, imathyola. Mayi ake anali atathyola iwiri. Iye anapeza thabwa louma, lolimba, losalala kale ndi manja, litatsamira pa mtengo wa mango. Anasema masiku angapo ali kuseri kwa mlambe, n'kukwecha ndi galasi. Mthiko unatuluka wa mfumu. Mayi anavina nawo pabwalo, anansi akuombera m'manja.

Dzuwa litapendeka, bambo anakankhira bwato m'madzi, n'kubwerera pa mtengo wa mango kukatenga nkhafi. Anapeza tizipalapala tokha. Anatsatira tizipalapalato mpaka kuseri kwa mlambe, kuchoka apo mpaka kukhitchini. Anaima pakhomo, kuyang'ana mthiko uli mumphika.

"Mayi a mwana, tigwirizane. Masana ndi wanu, usiku ndi wanga."

* * *

Azakhali ena ndi katswiri woluka madoilo. Mu Disembala, kukutentha, analuka asanu ndi limodzi a buluu, n'kuyala pamipando kuti alendo a Khirisimasi aone. Ulusi sanagule. Amuna awo anayamikira kwambiri, mpaka anati mtundu umenewu akuukonda, ukuwakumbutsa china chake.

Chimene unkawakumbutsa anachidziwa mu Juni, mwera utayamba kuomba. Anakhuthula sutikesi yonse kufuna juzi. Kenaka analowa pabalaza, anayang'ana mipando nthawi yaitali, anatenga doilo imodzi n'kuiika paphewa.

"Kodi manja ake munaika pa mpando uti?"

* * *

Kamtsikana ka Sitandade 3 kanaphunzira kusukulu kupanga makhadi. Upinde pepala pakati, ujambule duwa ndi nyenyezi, ulembe mafuno abwino. Kunyumba pepala kunalibe. Koma agogo ake aakazi, amene amagulitsa mchere, sopo ndi shuga wa timapaketi pakhonde, anali ndi kope lachikuto cholimba limene ankalisunga pansi pa pilo. Kamtsikana kanang'amba tsamba limodzi lapakati, mbali yoyera kanajambula duwa lalikulu ndi chekeni chofiira, n'kukapereka kwa amalume ake.

Amalume anasangalala. Anawerenga mafuno abwino mokweza kuti onse amve. Kenaka anatembenuza. Kuseri kunali dzina lawo, lolembedwa ndi dzanja la mayi awo omwe, ndipo m'munsi mwake mzere wautali: sopo, shuga, machesi, shuga, fodya, shuga, kuyambira Epulo.

Anakhala chete. Analowa m'nyumba, anatuluka, anapita pakhonde la agogo, n'kuika ndalama pa mphasa, zonse, osachotsera.

"Amayi, mukanangondiuza. Mpaka kutuma mwana, pa Khirisimasi?"

Agogo sanamvetse, koma ndalama anawerenga kaye. Atamva mmene zayendera, anaitana mdzukulu uja. Kamtsikana kanabwera kakunjenjemera, kakudziwa kuti lero kuli chikoti. Agogo anatulutsa kope lonse pansi pa pilo, anatulutsanso ndalama ya chekeni chatsopano.

"Iwe, maluwa aja umatha kujambula angati pa tsiku? Yamba ndi akatekisiti."