Kwa achimwene a ku Scarborough amene ayamba kulota galimoto yaliwiro

Achimwene, tamva kuti layisensi ya G mwaitenga, ntchito yakhazikika, ndipo basi ya TTC yakukwanani. Sitikudabwa. Chichokereni sitima ya Line 3 panjanji mu July 2023 n'kutsekedwa mpaka kalekale, aliyense wa ku Scarborough amene waimapo pa Kennedy Station m'mwezi wa January amalota chiwongolero. Koma inu simukufuna galimoto wamba. Mukufuna kagalimoto kakang'ono, kofupika, kolira ngati kakwiya. Ndiye khalani pansi tikulangizeni, chifukwa ndalama zotere siziyenera kutayidwa mwachisawawa. Ziyenera kutayidwa mwadongosolo.

Poyamba phunzirani manambala, poti pa Tim Hortons palibe amene adzakufunseni ngati galimoto yanu imakufikitsani kuntchito. Adzakufunsani horsepower. Honda Civic Si ili ndi 200, kuchokera mu injini ya malita 1.5 ya turbo. Volkswagen Golf GTI ili ndi 241. Subaru WRX ili ndi 271, Hyundai Elantra N ili ndi 276, pomwe Toyota GR Corolla ili ndi 300. Lowezani zimenezi kuposa nambala ya foni ya mayi anu. Mukatero mudzaona kuti Civic Si ndiyo chitsirizira m'banjamo, ndipo mudzayamba kuinyoza. Inyozeni ndithu, ndi ufulu wanu.

Mukamaliza kuinyoza, lowani mu Highway 401 pa Markham Road cha m'ma 7:30 m'mawa, molunjika kumadzulo. Msewu umenewu ndi umodzi mwa misewu yodzaza kwambiri ku North America konse, ndipo suona nkhope. Wa 300 ndi wa 200 amayenda liwiro limodzi, kumbuyo kwa thiraki imodzi, akuwerenga mawu amodzimodzi olembedwa pa chitseko chake. Kusiyana n'kwakuti wa 300 amalipira ngongole yokulirapo pa mwezi kuti aone thirakiyo. Ngati mtima wanu ukufuna ulemu umenewo, musalole munthu akuletseni.

Tsiku lina msewu udzatseguka, mwina Lamulungu usiku, ndipo phazi lidzayamba kuyabwa. Apa boma la Ontario linakukonzerani mphatso. Kuyambira 2021, mukapyola malire ndi makilomita 40 pa ola pa msewu umene malire ake safika 80, mlandu wake amautcha stunt driving. Kutanthauza kuti pa msewu wa 50 mukangofika 90, nkhani yatha. Pa 401, pomwe malire mu Toronto ndi 100, mukagunda 150 ndi chimodzimodzi. Wapolisi amakulandani layisensi pomwepo kwa masiku 30, galimoto amaikoka n'kukaitsekera masiku 14, ndipo ndalama zokokera ndi zosungira mumalipira nokha. Khoti likakupezani olakwa, chindapusa chimayambira pa $2,000 n'kufika mpaka $10,000. Musaganize zotsitsa galasi n'kuyamba kuti "bwana, tikambirane", uku si pa rodibuloko ya kwathu. Choncho poyerekeza galimotozi funso lanzeru ndi ili: ndi iti imene ingandifikitse msanga kwa woweruza? GR Corolla ndi Elantra N zikutsogola. Civic Si imachedwerako pang'ono, mwina nthawi yokwana kuti mukumbukire kuti muli ndi ana.

Tsopano tione iliyonse ndi khalidwe lake.

Elantra N ndi ya munthu amene akufuna kuti a pa Morningside adziwe kuti wanyamuka pa McCowan. Ekizozi yake imaphulika ngati makombola, ndipo izi si vuto, anaipanga dala. Ya otomatiki ili ndi batani pa chiwongolero limene limakuwonjezerani mphamvu pang'ono kwa masekondi 20. Masekondi 20 amenewo mudzawagwiritsa ntchito kuchoka pa loboti ina kukaima pa loboti inzake pa Lawrence Avenue, pambali pa agogo a Corolla wamba amene munawasiya aja. Muwapatse moni, ndi akuluakulu.

WRX ndiyo ili ndi chifukwa chomveka chopereka kunyumba. Matayala onse anayi amakoka, ndiye mukamapempha chilolezo kwa alamu anga mudzanene kuti mukugulira chitetezo cha ana m'nyengo ya chipale chofewa. Bodza limeneli lili ndi chilungamo mkati: ikagwa sinowo usiku wonse, WRX imanyamuka pomwe zinzake zokokera kutsogolo zikupalasa. Chimene simuyenera kuwauza ndi chakuti kukoka ndi matayala anayi kumathandiza ponyamuka, osati poima. Pa ayezi mabuleki a WRX amapemphera pemphero lomwelo la galimoto ina iliyonse, ndipo choyankha pempherolo ndi matayala a nyengo yozizira, amene muyenera kugulabe. Musawauzenso za petulo. Imamwa wa premium, ndipo siimwa mwamanyazi.

GTI ndi ya munthu wofuna kuoneka kuti anakhwima. Dzinali lakhalapo kuyambira 1976, mipando yake ya nsalu ya mandalasi imaoneka yaulemu, kumbuyo mumalowa thumba la ufa ndi katundu wa ku Costco popanda kukangana. Pa zonsezi ndiyo imakhala bwino tsiku ndi tsiku, izi tivomereze. Koma a Volkswagen anaona kuti mabatani ndi achikale, zambiri anazilowetsa mu sikirini, kotero muzifufuza potenthetsera m'galimoto ndi chala chouma ndi chisanu uku mukuzemba maenje a pa Kingston Road. Ndipo kuyambira mtundu wa 2025 GTI ya manual kulibenso. Ngati mumafuna kudzitama kuti mumasintha magiya nokha, mwachedwa, pitani mukafune yakale.

GR Corolla ili ndi masilinda atatu okha, chimodzimodzi Vitz ya 1.0 imene munaisiya kwa mlamu wanu ku Area 25. Kusiyana n'kwakuti iyi ili ndi mapaipi atatu a utsi ndi mtengo umene simungautchule pa foni. Ubwino wake waukulu ndi dzina. Akumudzi akafunsa kuti mwagula chiyani, mudzangoti "Corolla", iwo n'kumakumverani chisoni, osawonjezera mndandanda wa zopempha. Palibe galimoto ina pano imene ingakutetezeni chonchi.

Tibwerere kwa chitsirizira uja. Civic Si imabwera ya manual basi, magiya 6, palibe kusankha. Inu amene munaphunzirira pa kilachi ku Lilongwe musachite mantha, kungoti giya ili kudzanja lamanja, ndiye sabata yoyamba mudzakhala mukumenya chitseko ndi dzanja lamanzere pofuna giya yachiwiri. Zimatha. Imapangidwa konkuno ku Ontario, ku Alliston, kumpoto kwa Toronto, ndipo Civic inakhala galimoto yaing'ono yogulidwa kwambiri mu Canada kwa zaka 24 zotsatizana mpaka 2021. Zotsatira zake n'zakuti makaniko aliyense wa m'magalaja a ku Scarborough anaitsegulapo, ndipo zipangizo zake sizisowa. Kuipa kwake n'komweko: mukaimika pa Scarborough Town Centre palibe amene adzatembenuke. Mudzayenera kuima pambali pake n'kumaloza kachizindikiro kofiira ka Si kuti anthu adziwe kuti munawonjezera ndalama. Koma pokhota imagwira msewu bwino, giya yake imalowa mokoma, ndipo mungathe kuipondereza mpaka kumva kukoma musanafike pa liwiro lokulanditsani layisensi. Zinzakezo zimayamba kukoma pomwe wapolisi wayamba kale kulemba.

Musaiwale akuba, chifukwa iwo sakuiwalani. Mu 2023 mu Toronto munabedwa galimoto zoposa 12,000, zambiri n'kutuluka kudzera pa doko la Montreal kupita kunja, kuphatikizapo ku Africa. Zinafika poti mu 2024 wapolisi wina wa mumzindamu analangiza anthu pamsonkhano kuti azisiya makiyi pafupi ndi khomo, kuti akuba akathyola nyumba asavulaze munthu. Akubawa amakonda kwambiri zikuluzikulu ngati CR-V ndi Lexus RX, komabe Civic nayo saikana. Chitetezo chanu ndi kilachi. Mnyamata wokulira kuno akaona mapedulo atatu amayamba kuwerenga miyendo yake. Ndipo ikapitabe, dzitonthozeni kuti galimoto yanu yafika ku Africa inu musanapeze tchuthi.

Za inshulansi tasunga kumapeto dala, kuti mulote kaye. Ku Ontario mtengo wake umatengeranso kumene mukukhala, ndipo postal code yoyamba ndi M1, ya ku Scarborough, si yotsika mtengo. Wonjezeranipo kuti mbiri yanu yoyendetsa kuno ndi yaifupi, ndi kuti galimoto ili ndi turbo. Zaka zonse zimene munazemba mbuzi ndi makabaza pa M1 ya kwathu kampani zambiri sizizilabadira. Ndiye gulani kaye galimoto, musayine ngongole ya miyezi 84, muwonjezere msonkho wa 13 peresenti, kenako ndiye muimbe foni kufunsa inshulansi. Mukafunsa musanagule mudzakhala ndi nzeru, ndipo nzeru zidzakubwezerani pa basi.

Ngati phazi likuyabwabe, bwalo la mpikisano la Canadian Tire Motorsport Park lili kufupi ndi Bowmanville, kum'mawa kwanuko, ndipo pa masiku ena munthu amalipira n'kuthamanga ndi galimoto yake popanda kuopa wapolisi. Kumeneko GR Corolla ndi Elantra N zidzakusiyani, musatsutse. Koma poti masiku ena onse a chaka mudzakhala pa 401 kumbuyo kwa thiraki ija, achimwene, tengani Civic Si, mugule matayala anayi a nyengo yozizira November asanafike, ndipo zotsalazo mutumize kumudzi, akudikira feteleza.